Mzere Umene Zuwena Sanalembe

Kachitatu chaka chimenecho, ana a turuma C, limodzi mwa magulu atatu a kalasi ya khumi, anaima panja pa chipinda cha makompyuta n'kumasuzumira pawindo. M'katimo munali ana a turuma A, atakhala awiriawiri, akuwerenga mayeso a zaka zapita. Zuwena Abdulu anali patsogolo pa anzake, chipumi atachigunditsa pa zitsulo za windo. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo pasukulu yawo ku Mandimba ankadziwika ndi zinthu ziwiri: kulota ali maso ndi kupsa mtima msanga.

Deolinda, mwana wa kalaliki wa pasukulupo, anatembenuka pampando wake n'kumufunsa ngati akugulitsa nsomba pawindopo. Ana a turuma A anaseka. Zuwena anachoka pawindo n'kulunjika kukhomo. Aida, mnzake wa pamtima wochokera ku Mitande, anamukoka mpango kumbuyo, koma iye anali atalowa kale pakhomo.

M'chipindamo munali makompyuta khumi ndi awiri ndi kabokosi kakuda kopachikidwa pakhoma. Kabokosiko ndiko kankasunga mabuku, mayeso akale, ndi kabati ya mwana aliyense yoikamo zolemba zake. Ndiko kankazindikiranso anthu. Mwana akalemba dzina lake ndi mawu ake achinsinsi, amene anawo ankawatcha senya, kankamutsegulira. Amene sikankamudziwa kankamukana. Koma magetsi akathima n'kubwerera mwaukali, kabokosi kankaiwala zonse, ndipo aPulofesa Celestino, mphunzitsi wa masamu, ankayambanso kulowetsa mayina limodzilimodzi. Ankayambira turuma A, kenako B. Asanafike pa C, magetsi ankachitanso zawo.

Ana a turuma A ambiri anali a anthu ogwira ntchito m'maofesi. A turuma C ankaphunzira masana, ndipo ambiri ankabwera wapansi kuchokera kumidzi.

"APulofesa, ife tinalakwa chiyani?" anafunsa Zuwena.

APulofesa sanatukule mutu. Anangoti zala ali nazo khumi, makalasi asanu, ndipo ana a kalasi ya khumi okha ndi mazana awiri ndi asanu ndi anayi. Zuwena anati ndiye ulendo uno ayambire kumapeto. Iwo anati akatero, mawa lake abambo a ana a turuma A adzadzaza ofesi ya ahedi.

"Ndiye abambo athu ife alibe miyendo?"

APulofesa anavula mandala, n'kumuyang'ana ndi maso otopa. Anatsegula tebulo, natulutsa kabuku kopindika m'makona, kamene anasiya Latifo, katswiri wa ku Cuamba amene anadzapachika kabokosiko.

"Ine kabukuka kanandilaka patsamba lachisanu," anatero. "Ngati muli njira yachidule, iwe Zuwena, ukaipeze."

Zuwena ankakhala m'mawa wonse pamsika, pabenchi la mayi ake la nsomba zouma za ku Amaramba. Kabukuko anakawerengera pamenepo. Za makompyuta palibe amene anamuphunzitsa; ankangobwereka foni ya amalume ake n'kumafufuza yekha. Mawu a Chipwitikizi cha m'kabukuko anali olimba, koma patsiku lachinayi anafika patsamba limene linamuiwalitsa kuingitsa ntchentche. Linati kabokosi kakamadzuka kopanda kanthu, kamayamba kafunafuna fayilo ina yotchedwa fayilo ya chiyambi. Kakaipeza kamaiwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kulenga anthu onse olembedwamo nthawi imodzi, magulu awo, ndi zimene aliyense akuloledwa kuchita. Ndipo kakafanso, fayilo yomweyo imakadzutsa chimodzimodzi, osasintha kanthu.

Anatseka kabukuko n'kuyang'ana kumsewu, kumene magalimoto aakulu ankakwawa kulowera kumalire. Fumbi linkayandama padzuwa. M'fumbimo anaona mudzi. Unali mudzi wopanda mipanda, nyumba zake zofanana msinkhu, ndipo mphepo ikaugwetsa unkadzukanso wonse m'mawa mwake, nyumba yomaliza ikuima nthawi imodzi ndi yoyamba. Mayi ake anachita kumugwedeza paphewa kuti apatse wogula nsomba zake.

Popeza nthawi ya pakompyuta analibe, anaganiza zolemba fayiloyo pamanja kaye. Anagula kope la masamu, la timabokosi, chifukwa kabukuko kanachenjeza kuti mzere uliwonse uziyambira pamalo pake enieni. Munthu aliyense ankatenga mizere inayi: dzina, nambala yake ya pasukulu, gulu lake, ndi senya yoyambira imene adzaisinthe yekha. Mzere woyamba unkayambira m'mphepete, itatu inayo inkalowa m'kati timabokosi tiwiri. Aida ankabwera kumsika ndi kaundula wa mayina amene aPulofesa anawabwereka, n'kumatchula mayinawo, Zuwena akulemba.

Ankalemba pang'onopang'ono, ngati munthu woumba njerwa. Dzina lililonse linali nyumba. Nthawi zina cholembera chinkaima chokha, maso ake ali kuphiri, ndipo Aida ankamufunsa ngati wafika kale ku Nampula kapena akadali m'njira.

Atatha mayina anafika pa magulu. Chitsanzo cha m'kabukuko chinali ndi magulu atatu: wosunga makiyi, aphunzitsi, ndi ophunzira. Wosunga makiyi ankatha kutsegulira munthu, kumutsekera, kumupatsa senya yatsopano, kapena kusintha malamulo. Zuwena anawerenga zimenezi kawiri. Anaona aPulofesa ali ndi makiyiwo, anaona bambo a Deolinda akuwanong'oneza pakhonde, anaona turuma C ili pawindo kachinayi. Analemba gulu limodzi lokha, n'kulitcha "tonse". Aphunzitsi ndi ana onse anawaika momwemo. Mzere wa wosunga makiyi anaudumpha.

Anawonjezanso lamulo lina. Ana a turuma A anali ndi chizolowezi chosungitsa mipando sabata yonse koma osabwera, chifukwa kwawo kunali mafoni. Deolinda ndiye ankachita kunyanya. Zuwena analemba kuti aliyense amene sadzalowa kwa masiku makumi awiri ndi limodzi, khomo lake litsekeke, mpando wake upite kwa wina. Polemba mzere umenewu anamwetulira.

Kutayipa kunatenga masiku asanu, pa nthawi yopuma. Kabokosi kanakana fayiloyo kawiri, chifukwa mzere wina unalowa m'kati mopitirira, ndipo Zuwena anachita kulondola ndi chala tsamba ndi tsamba mpaka anaupeza. Kachitatu kanangoti phethiphethi nyali yake yobiriwira, ndipo mayina mazana awiri ndi asanu ndi anayi, pamodzi ndi a aphunzitsi, anatsika pagalasi ngati nyerere. Mwana woyamba wa turuma C kulowa anali Aida.

APulofesa anatenga kopelo n'kulitsegulatsegula, akugwedeza mutu mosangalala. Atafika patsamba la magulu anaima. Anafunsa kuti makiyi ali ndi yani. Zuwena anati alibe mwini, ndipo sakufunika, chifukwa anthu akakhala ofanana palibe wotsegulira mnzake. Aida anati ngakhale kumzikiti kuli munthu amene amasunga kiyi. Zuwena anamuyang'ana moti Aida anakweza manja n'kuisiya nkhaniyo.

APulofesa anati zimenezo n'zolakwika ndipo akonze. Zuwena anawalanda kopelo m'manja.

"Mukandiuza kuti ndilembe dzina lanu pamenepo, kope langa ndikupita nalo. Muyambirenso pa A."

Belu linali litalira, ndipo kalasi ina inkawadikira aPulofesa. Anayang'ana mayina aja pagalasi, anayang'ana zala zawo, n'kunena kuti chabwino, kabokosika sikachedwa kufa, kakadzafanso adzakambirana.

Kanafadi patangopita masiku asanu ndi atatu, aPulofesa ali kumsonkhano kuboma. Zuwena anaika fayilo ija, ndipo madzi a tiyi asanawire muofesi ya aphunzitsi, onse anali atabwerera, wina aliyense pamalo pake. Ana a turuma C anamunyamula m'mwamba. Sabata yotsatira Latifo anabwera ndi chipangizo choteteza kabokosi ku ukali wa magetsi, anachilumikiza mothamanga, n'kukwera shapa, minibasi ya masana. Anati akupita ku Nampula kukaphunzira kwa miyezi ingapo. Kuchokera tsiku limenelo kabokosi sikanafenso, ndipo nkhani ya makiyi inaiwalika.

Aida anali ndi chake chimene ankachilota, koma iye ankalota ndi khasu m'manja. Ku Cuamba kunali sukulu ya zaulimi yogonera komweko, imene chaka chilichonse inkatenga atsikana angapo a kumidzi n'kuwaphunzitsa mwaulere. Wofuna malo ankayenera kutumiza kalata yofotokoza zimene anayesa yekha m'munda, ndi manambala ake. Kuyambira mu Juni, Aida anali atagawa dimba la mayi ake ku Mitande mizere isanu ndi umodzi ya nyemba. Iwiri anathira manyowa a mbuzi, iwiri phulusa, iwiri anaisiya chomwecho. Loweruka lililonse ankapita kukayeza msinkhu wa mbewu ndi chingwe, kuwerenga maluwa, kenako makoko, n'kulemba m'kakope kake.

Zuwena ndiye anamuuza kuti aziika zonse m'kabati yake ya m'kabokosi. Anati pepala limanyowa, limadyedwa ndi chiswe, koma kabokosi tsopano sikaiwalanso. Aida anatayipa manambala onse a masabata khumi ndi awiri, ndi masamba atatu a kalata yake. Kakope kaja anakasiya kunyumba, ndipo azakhali ake amene ankakhala nawo ku Mandimba anakang'amba n'kukulungira mtedza wokazinga wogulitsa.

Chakumapeto kwa Seputembala mayi a Aida anadwala m'mimba, ndipo anawatengera kuchipatala ku Cuamba kukawachita opaleshoni. Aida anali mwana wamkazi yekha. Anapita kukawadikirira.

Masabata amenewo kunkatentha, utsi wa m'minda ukuphimba mapiri, ndipo Zuwena ankangoyandama. Mphunzitsi wina wa ku Ngauma anali atamva za kope lake n'kufunsa ngati angalione. Pabenchi la nsomba, Zuwena ankadziona ali panjinga, kope lili m'thumba, akulowa ku Itepela, ana akuthamanga m'mbali mwa msewu. Ankadziona ku Etatara, m'midzi imene sanafikeko, akudzutsa mabokosi akufa. Pasukulu iliyonse mayina ankatsika onse pamodzi, ndipo panalibe woima pawindo. Za mnzake ankakumbukira ndithu, ankamutumizira moni pafoni ya amalume, koma masiku sanawawerenge.

Aida anabwera Lolemba, patapita masiku makumi awiri ndi anayi. Anali ataonda, milomo itauma, koma anati mayi ake ayamba kuyenda. Kalata inkafunika kufika ku Cuamba Lachisanu lomwelo. Anakhala pakompyuta, Zuwena ataima kumbuyo kwake, n'kulemba dzina ndi senya. Pagalasi panatuluka mawu ofiira akuti khomo la munthu ameneyu latsekedwa, afunse wosunga makiyi.

Analembanso. Mawu omwewo.

"Chemwali, wosunga makiyiyo ndi ndani?" anafunsa Aida, osatembenuka.

Zuwena anamusuntha n'kulowa ndi dzina lake. Anafufuza paliponse, koma iye anali wa gulu la "tonse", ndipo wa gulu la "tonse" ankangoona kabati yake yokha. APulofesa analowa ndi dzina lawo, ndipo anaona zomwezo. Mwana wina anati angozimitsa kabokosi n'kukadzutsanso ndi fayilo ija. APulofesa anati akatero dzina la Aida libwereradi, koma kabati yake ibwera yopanda kanthu, ndi makabati a ena onse. Anaimbira Latifo. Iye anati akhoza kutsegula kabokosiko ndi zida zake n'kupulumutsa zolembazo, koma zimenezi sizichitika pafoni, ndipo ku Nampula achokako pakati pa Novembala.

Zuwena anayamba kulalata. Anadzudzula kabokosi, anadzudzula Latifo kuti katswiri wanji wosawerenga ntchito ya anthu, kenako anatembenukira aPulofesa. Anati iwo anaona cholakwikacho, iwo ndiwo akulu, bwanji sanamukakamize. Ana onse ankadikira kuti aPulofesa amutulutsa.

"N'zoona," anatero aPulofesa. "Ndinaona, ndipo ndinasiya chifukwa ndinatopa."

Zuwena anali atakonzeka kukangana, koma panalibenso wokangana naye. Aida anali atanyamula kale chikwama chake.

Lachitatu m'mawa Zuwena anabwereka njinga ya amalume, n'kukwezana ndi Aida kupita ku Mitande kukayezanso nyemba zija. Zuwena ankapalasa, Aida ali pakaliyala, ndipo njira yonse sanalankhulane. Anapeza dimba litakololedwa. Aneba, pofuna kuthandiza banja la odwala, anali atazula nyemba zonse zisanasweke, anazipuntha, n'kuziika m'thumba limodzi. Za manyowa, za phulusa, ndi zopanda kanthu zinali zitasakanikirana. Aida anawathokoza mwaulemu, atagwada, ndipo anadikira kuti achoke asanakhale pansi m'mphepete mwa mzere wouma.

Anayesa kukumbukira. Anakumbukira kuti sabata yachisanu mizere ya manyowa inafika m'bondo pomwe inayo inali m'katumba. Anakumbukira kuti ya phulusa ndiyo inayamba maluwa. Manambala atatu okha ndiwo anali nawo otsimikiza.

Zuwena ankatola timiyala n'kumaponya m'ngalande. Kenako ananena motsitsa mawu kuti mwina angolemba manambala oyandikira, poti zimene zinachitikazo akuzidziwa, ndipo a ku Cuamba sadzabwera kudzayeza dimba lokolola.

Aida anamuyang'ana koyamba tsiku limenelo.

"Iwe, mayi chilungamo uja? Mtsikana wina kwinakwake wayeza zake zenizeni, ndiye ndikamulande malo ndi manambala a m'mutu?"

Zuwena anagwetsa timiyala tija.

Aida analemba kalata yake pamanja Lachinayi. Inakwana tsamba limodzi ndi theka. Anafotokoza mizere isanu ndi umodzi, manambala atatu aja, ndi kuti ena onse anatsekeredwa. Zuwena nayenso anang'amba pepala n'kulemba kalata yake. Anati iye, Zuwena Abdulu wa turuma C, ndiye analemba lamulo limene linatsekera Aida panja, ndiye anakana kuika wosunga makiyi atachenjezedwa kawiri, ndiyenso anauza Aida kuti kakope n'kosafunika. Anapempha a kusukulu ya zaulimi kuti adikire mpaka pakati pa Novembala. Anapita nayo kwa aPulofesa kuti aidinde. Iwo anaiwerenga ataimirira, anatenga cholembera, n'kuwonjezera m'munsi kuti iwonso anaona cholakwikacho n'kuchilekerera. Makalata onse awiri anapita ndi woyendetsa shapa Lachisanu m'mamawa.

Yankho linabwera patapita masabata atatu. Linali laulemu. Linati malo ndi ochepa, ndipo asankha amene anatumiza manambala athunthu panthawi yake. Linati Aida akhoza kudzayesanso chaka chamawa ndi zoyesa zatsopano. Aida analiwerenga pakhonde la sukulu, analipinda kanayi, ndipo atangomaliza mayeso ake omaliza anapita ku Mitande osatsanzika.

Latifo anafika Lachiwiri lotsatira. Anamasula kabokosi, analumikiza kompyuta yake, ndipo pasanathe ola anatsegula kabati ya Aida. Manambala onse a masabata khumi ndi awiri analimo, mizere yowongoka bwino, osasowa ngakhale imodzi. Zuwena anawasindikiza papepala, ndipo pamene pepalalo linkatuluka lofunda, misozi inamutsika. Anapezanso kuti ana ena asanu ndi awiri anali atatsekeredwa. Mmodzi anadwala malungo, awiri anali kumaliro kutali, ena anakathandiza kumunda. Onse anali a turuma C. Anangosiya kubwera osadandaula, poti anali atazolowera. Deolinda sanatsekeredwepo, kwawo kunali kuseri kwa sukulu, ndipo atangomva za lamulolo ankadutsa tsiku lililonse n'kulowa kwa mphindi imodzi.

Latifo anayamikira fayiloyo, anati sanaonepo ina yolembedwa mwaukhondo chotero, koma anati sachoka asanaone mzere wa makiyi. Ahedi anasonkhanitsa makalasi onse atatu pansi pa mtengo wa mango kuti asankhe. Anagwirizana kuti osunga makiyi akhale awiri, mphunzitsi ndi mwana wa sukulu. Mphunzitsi anasankhidwa aPulofesa Celestino. Pa mwana wa sukulu, a turuma C anayamba kutchula dzina la Zuwena.

Iye anaimirira n'kukana. Anati m'mawa amakhala kumsika, ndipo munthu wotsekeredwa m'mawa sangadikire kuti nsomba zithe. Anati pafunika munthu amene amapezeka pasukulu nthawi zonse, ngakhale patchuthi. Maso ali pansi, anatchula Deolinda. Anzake anang'ung'udza. Deolinda anafunsa ngati akumuseka.

"Sindikuseka. Koma chilichonse chimene iwe kapena aPulofesa mudzachite ndi makiyiwo chizilembeka pamalo oti tonse tiziona. Zimenezo kabuku kakuti zimatheka."

Latifo anavomera kuti zimatheka. Deolinda anati ngati ndi choncho aliyense wotsekeredwa azingomugogodera, koma osati iye akudya. Anthu anaseka, a turuma C omwe.

Zuwena anakhala pamuzu wa mango n'kutsegula kope lake patsamba la magulu. Pamwamba panalibe malo, choncho anamata kapepala. Analemba gulu la osunga makiyi, analowa m'kati timabokosi tiwiri, n'kulemba mayina awiriwo. Dzina lachiwirilo linamutengera nthawi. Lamulo la masiku makumi awiri ndi limodzi analisintha kuti mpando uzipita kwa wina, koma khomo lisamatsekeke. Latifo anasunga makabati onse pakompyuta yake, anadzutsanso kabokosi ndi fayilo yatsopano, n'kubwezera zolemba za aliyense m'malo mwake.

Loweruka Zuwena anapalasa yekha kupita ku Mitande, khasu atalimangirira pakaliyala. Mitambo inali itayamba kuunjikana cha ku Ngauma. Anapeza Aida akugalauza munda wa mayi ake, amene anali atakhala pamphasa pamthunzi, akadali ofooka. Anawapatsa moni mayiwo atagwada, kenako anapita kwa Aida n'kumupatsa pepala la manambala.

Aida anapukuta manja pachitenje, analiwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, milomo ikugwedera. Anati sabata yachisanu ija anakumbukira bwino, inalidi m'bondo. Analipinda n'kuliika m'thumba. Zuwena anayamba kunena zimene anakonzekera njira yonse, koma Aida anayang'ana khasu lija.

"Wabwera nalo kudzaonetsa?"

Anamulozera kumapeto kwa munda, kumene nthaka inali yolimba kwambiri. Anati ulendo uno ayesa chimanga, mizere isanu ndi itatu, ndipo manambala azilembedwa m'makope awiri, lina likhale ku Mitande, lina ku Mandimba. Anati Loweruka lililonse mpaka mu Epulo pafunika munthu wogwira chingwe.

Zuwena anamasula khasu n'kupita kumene anamulozerako. Nthaka inali youma, ndipo khasu loyamba linangodumpha. Aida anamuuza kuti atsitse msana, ndipo asayang'ane kumapiri mpaka mzerewo utatha.